Halloween: chala chinaloza nyumba yolakwika

Okutobala akamatha, mauthenga amayamba kuzungulira pa WhatsApp akuti Halloween ndi phwando la satana lomwe afiti anayambitsa kalekale. Ine ndimakayika.

Ku Ireland kunalidi mwambo wa Samhain, wotsekera zokolola ndi kulandira nyengo yachisanu, koma omwe anaulemba anali Akhristu a zaka mazanamazana pambuyo pake. Dzina loti Halloween ndi la kutchalitchi: usiku wotsogolera tsiku la Oyera Onse, lomwe mu 835 linakhazikika pa 1 Novembala mu ufumu wa Louis the Pious. Akatolika akwathu amalisungabe. Ku England osauka ankayenda khomo ndi khomo kupempha timikate, iwo n'kupempherera akufa a pakhomopo. Ku Scotland ana ankavala zigoba n'kumaimba kuti apatsidwe zipatso. Njala itavuta ku Ireland kuyambira 1845, othawira ku America anakapeza dzungu, losavuta kugoba nyali kusiyana ndi muzu wa turnip womwe anazolowera kwawo. Pofika m'ma 1950, ana a ku America ankagogoda pakhomo lililonse kufuna maswiti, eni nyumba n'kuwapatsa makeke ophika okha.

Zinasokonekera ndi mantha. Pa 31 Okutobala 1974, kufupi ndi Houston ku Texas, bambo wina anaperekeza ana kukapempha. Panyumba ina sanatsegule. Iye anatsalira m'mbuyo, kenako n'kutulukira atanyamula timapaipi tisanu ta switi yaufa, akuti am'patsa panyumba pomwepo. Pogona, mwana wake wa zaka 8 analawa n'kudandaula kuti ikuwawa. Bamboyo anam'patsa chakumwa kuti atsitsire. Usiku womwewo mwanayo anamwalira ndi poizoni wa cyanide. Mnyamata wina yemwe analandiranso switiyo anapezeka ali m'tulo, switi yake ili m'manja, atalephera kuitsegula.

Dziko lonse linaloza chala anthu osadziwika. Apolisi atafufuza, anapeza kuti mwini nyumba uja anali kuntchito usikuwo, pomwe bamboyo anali m'ngongole ndipo anali atalembetsa ana ake pa inshuwalansi. Bamboyo ndiye anathira poizoniyo, ndipo anaphedwa mwa chilango mu 1984.

Koma mphekesera inali itathamanga kale. Katswiri wa za chikhalidwe cha anthu, Joel Best, anasanthula nkhani za m'nyuzipepala kuyambira za 1958 ndipo sanapeze mwana ngakhale mmodzi yemwe anaphedwa ndi switi ya munthu wachilendo. Nyuzipepala zinapitirizabe kuchenjeza chaka ndi chaka, zipatala zina zinayamba kuunika maswiti pa X-ray, ndipo keke ya agogo a nyumba yoyandikana inayamba kutayidwa m'bini. Wodalirika anakhala switi yokutidwa kufakitale. Lero m'madera ambiri a ku America ana amalandirira maswiti kumbuyo kwa magalimoto oimikidwa pabwalo la tchalitchi, makolo ali chiimire pambali.