Mlandu wonamiza apolisi ndi ogwira ntchito zangozi ku Katete, Sinda ndi Vubwi

Munthu amene aimbira apolisi, a chipatala kapena ozimitsa moto n'kunena za ngozi imene akudziwa kuti kulibe amapalamula mlandu m'malamulo a Zambia. Mlanduwu uli m'ndime 125 ya Penal Code, Chapter 87, imene imaletsa kuuza wogwira ntchito m'boma nkhani yabodza kuti achite zimene sakanachita akanadziwa zoona. Wopezeka wolakwa m'khoti la majisitireti angathe kupita kundende, kulipira chindapusa, kapena zonse ziwiri. Lamulo limayang'ana mtima wa woimbayo: mayi amene waona utsi n'kuganiza kuti nyumba ikupsa, pomwe ndi tchire, alibe mlandu.

Manambala a ngozi ndi 991 ya apolisi, 992 ya ambulasi ndi 993 ya ozimitsa moto.

Bodza lotere limapweteka kwambiri m'maboma akumidzi. Sinda ndi Vubwi anakhala maboma paokha mu 2012. Sinda anachokera ku Petauke ndi Katete, Vubwi anachokera ku Chadiza. Midzi yambiri ili kutali ndi msewu waukulu wa Great East Road, ndipo m'dzinja misewu yafumbi imasanduka matope. Ambulasi ikathamangira ngozi yabodza, mafuta atha, maola apita, pamene mayi wovutika pobereka akudikira pakachipatala kakumudzi kuti amutengere ku chipatala cha St Francis ku Katete. Chindapusa chilichonse sichingabweze maola amenewo.

Mbiri zochititsa mantha nazonso zimapweteka: kuchiyambi kwa 2020, mbiri yakuti zigawenga zikupopera mpweya wapoizoni m'nyumba usiku, imene inayambira ku Chingola, inafalikira dziko lonse. Mauthenga ankayenda pa WhatsApp ndi Facebook, anthu ankagona panja ndi zibonga, asilikali anatumizidwa m'misewu, ndipo anthu pafupifupi 50 anaphedwa ndi magulu olusa pongowaganizira.

Komabe si bodza lililonse limene boma lingazenge mlandu. Ndime 67 ya Penal Code, yoletsa kufalitsa nkhani zabodza zochititsa mantha, inagwa mu Disembala 2014 pamene Khoti Lalikulu ku Lusaka, pamlandu wa McDonald Chipenzi, Richard Sakala ndi Simon Mwanza, linagamula kuti ikuphwanya ufulu wolankhula. Chigamulocho sichinakhudze ndime 125, yokhudza munthu wonamiza mwadala wogwira ntchito m'boma.