Chifuwa Chimene Agogo Athu Anabwera Nacho ku Migodi

Pamene Chipata inali kutchedwa Fort Jameson, msonkho wa atsamunda unachotsa amuna ambiri m'midzi ya kuno ku Tamanda. Ena anapita ku Wankie kukakumba malasha, ena ku Joni, ndipo kuyambira m'ma 1920 ena analowera ku migodi ya mkuwa ku Copperbelt.

Anabwerako ndi njinga ndi majekete. Ambiri anabweranso ndi chifuwa chosatha, ndipo kumudzi tinkati awalodza. Koma linali fumbi la miyala imene ankabowola. Likalowa m'mapapo limasiya zipsera zosapola, matenda otchedwa silicosis, ndipo TB imagwira munthu wotere mosavuta. Fodya amene ankakoka akaweruka ankangowonjezera bala.

Mu 2019 khoti la ku Johannesburg linavomereza kuti makampani a golide apereke R5 biliyoni kwa odwala ndi mabanja awo. Agogo athu ambiri anali atagona kale.

Lero fumbi lomwelo lili pafupi. Amayi ndi anyamata ophwanya miyala m'mbali mwa misewu ya Chipata amalipuma tsiku lonse. Tizithira madzi pamiyala, tisiye fodya, ndipo chifuwa chikapitirira milungu iwiri tipite kuchipatala.