Chitsulo cha Kumwamba ndi Chitsulo cha m'Ng'anjo

Mlimi wa ku Mkanda kapena ku Kapiri m'boma la Mchinji akafukula nkhwangwa yadzimbiri m'munda, ndani angadziwe kumene chitsulo chake chidachokera? Funso lotereli lasautsa akatswiri kwa zaka zoposa 100.

Nkhaniyi idayambira ku Egypt. Mu 1911 Gerald Wainwright adapeza mikanda yachitsulo m'manda a ku Gerzeh, a zaka zoposa 5,000, nthawi imene kunalibe ng'anjo yotulutsa chitsulo. Mikandayo itayezedwa padapezeka nickel wambiri, ndiye padabadwa lamulo lapafupi: nickel akachuluka, chitsulocho chidagwa kuchokera kumwamba.

Lamuloli lidali ndi mabowo. Dzimbiri limadya nickel, komanso miyala ina yapansi pano ili naye mwachibadwa. Mkangano udapitirira mpaka 2013, pamene Thilo Rehren ndi anzake adaunika mkati mwa mikandayo osaiswa n'kutsimikiza kuti chitsulo chake ndi cha kumwamba. Mu 2016 gulu la Daniela Comelli lidayeza mpeni wa mfumu Tutankhamun ya ku Egypt ndi makina a X-ray, n'kupeza nickel pafupifupi 11 peresenti ndi cobalt pang'ono. Chaka chotsatira Albert Jambon adaonetsa kuti chodalirika ndi kuyerekeza zitatuzi pamodzi: chitsulo, nickel ndi cobalt.

Kwathu kuno mbiri idayenda njira ina. Ku Kamnama, kutsidya kwa malire kumpoto kwa Chipata, David Phillipson adafukula mudzi wa anthu amene ankasungunula chitsulo zaka zoposa 1,500 zapitazo. Ku Kasungu ng'anjo zakale zikadaima, ndipo m'ma 1980 akuluakulu a kwa Chulu adaonetsa ofufuza mmene makolo ankaziyatsira. Chitsulo cha m'ng'anjo sichibisala: mkati mwake mumatsalira timizere ta zinyalala za mwala wosungunuka, zimene cha kumwamba chilibe. Choncho makasu akale a ku Mchinji ayenera kuganiziridwa poyamba kuti ndi thukuta la osula a m'deralo.

Sikuti kumwamba kudatimana ayi. Mwala wa makilogalamu 93 udagwa ku Machinga mu 1981, chitsulo chidagwa ku Chisenga ku Chitipa mu 1988, ndipo ku Mbozi ku Tanzania kuli chimphona cha matani pafupifupi 16. Ku Namibia anthu a mtundu wa Nama ankasula zida kuchokera ku zidutswa za chitsulo cha kumwamba cha ku Gibeon.

Wofukula chida chakale asachipale kapena kuchigulitsa kwa ogula zitsulo zakutha. Akachipereke kwa a nthambi ya boma yosunga zinthu zakale, chikayezedwe.