Kapolo Amene Anagula Kuwerenga ndi Mkate

Inu aphunzitsi a m'midzi, tifuna kukufotokozerani mbiri ya munthu wa ku America, kuti muzindikire kulemera kwake kwa ntchito imene muli nayo.

M'dziko lija munali akapolo akuda ambirimbiri, amene makolo ao anatengedwa ku Africa. Ambuye ao anaopa kwambiri kuti akapolo angadziwe kalata. Chaka cha 1740 chigawo cha South Carolina chinaika lamulo lolipitsa yense wophunzitsa kapolo kulemba, ndipo mu 1830 North Carolina analetsa kuwerenga komwe.

Frederick Douglass anabadwa kapolo ku Maryland mu 1818. Ali mwana anamtumiza ku mudzi waukulu wa Baltimore, kukatumikira m'nyumba ya Hugh Auld. Mkazi wa Auld, dzina lake Sophia, ankawerenga Baibulo mokweza. Mnyamatayo anampempha kuti amphunzitse, ndipo mai uja anayamba kumuonetsa zilembo. Mwamuna wake pakumva ichi anakwiya, namletsa, pakuti anadziwa kuti wodziwa kuwerenga sakhazikikanso mu ukapolo. Frederick anamva mau onsewo, nawasunga mumtima. Kuyambira pamenepo ankatenga mkate m'nyumba, napatsa ana osauka a Azungu mumsewu, iwo namuuza mau a m'buku.

Atakula anasonkhanitsa akapolo anzake mobisa tsiku la Sabata, oposa 40, nawaphunzitsa, angakhale anadziwa kuti akapezedwa adzakwapulidwa. Mu 1838 anathawira kumpoto, kumene kunalibe ukapolo. Mu 1845 anasindikiza buku la moyo wake, ndipo anthu ambiri a ku America ndi ku Mangalande anamva zowawa za ukapolo kwa munthu amene anazilawa yekha. Nkhondo yapachiweniweni itabuka mu 1861, anakaonana ndi mtsogoleri wa dziko, Abraham Lincoln, mu 1863, kukadandaulira asilikali akuda. Mu 1865 lamulo linathetsa ukapolo m'dziko lonse, ndipo anthu ngati 4 miliyoni anamasuka. Douglass anamwalira mu 1895.

Tsono taonani, aphunzitsi: chimene inu mupatsa ana poyera, anthu aja anachifuna mobisa ndi mantha. Mwana akachedwa kugwira zilembo, musatope naye. Ndipo inu makolo, musamchotse m'sukulu chifukwa cha mbuzi kapena munda. Pakuti wosadziwa kuwerenga ayenera kuvomera chilichonse chimene wina amwerengera.