Mbale ya Mwana ku Kapata

Mwana wa ku Kapata wayamba posachedwapa kufunsidwa kuti "udya chiyani?" Ife ambuya ake tinkangopatsidwa, n'kulandira ndi manja awiri. Ndiye ndikamamva amayi achitsikana akutsutsana za chimene mwana ayenera kuitanitsa mu lesitilanti, uyu ati machipisi ndi soseji, uyo ati mpunga ndi nkhuku, ndimaona kuti akukangana pa chinthu chimene chafika dzulodzuloli, ndipo sadziwa njira imene chinadzera.

Makolo athu anabwera m'komboni muno ndi kadyedwe ka kumudzi, kaya anali Achewa a ku Katete ndi Chadiza, Angoni a kwa Mpezeni kapena Ansenga a ku Petauke. Amuna ankadya paokha, akazi ndi ana aang'ono paokha kuseri kwa nyumba. Madzi osamba m'manja anali a m'beseni limodzi, kuyambira wamkulu kutsirizira wamng'ono, moti pofika kwa ife madziwo anali atada kale. Nkhuku ikaphedwa, ndiye kuti kwabwera mlendo. Nthutumba inali ya bambo kapena ya mlendoyo, ndipo ikasowa mumphika unali mlandu. Mwana ankalandira mapazi, khosi, mutu ndi msuzi. Mazira tinkaletsedwa, ati amadwalitsa ana, koma ine ndimakhulupirira kuti akuluakulu ankangofuna kuti nkhuku ziswe. Chimene mwana ankasankha yekha chinali cha kutchire: masuku, masau, mango, ziwala, inswa mvula ikagwa, ndi mbewa zimene anyamata ankakumba m'minda akakolola. Kumeneko kunalibe womuuza kuti "siyira akulu".

Tauni yathu inamangidwa mu 1899, patangopita chaka Angoni atagonjetsedwa ndi asilikali a Angerezi, ndipo inatchedwa Fort Jameson. Inali likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911. Azungu anali ndi mafamu a fodya, kalabu yawo ndi hotelo yawo. Amwenye anali ndi masitolo ku Down Shops. Munthu wakuda ankalowa m'hotelo ngati wophika kapena woperekera zakudya, ndipo m'mabutchala ndi m'masitolo ena a Azungu ankagulira pawindo. Malo athu odyera anali matiyirumu: benchi, tebulo lathabwa, tiyi wa m'kapu yachitsulo ndi banzi. Odyamo anali amuna apaulendo, ena opita kukafuna ntchito ku migodi ndi ku mafamu a ku Southern Rhodesia, ena obwera ku boma kudzakhoma msonkho kapena kudzamva mlandu. Munthu wa banja lake kudya kumeneko chinali chamanyazi, anthu ankafunsa ngati mkazi wake wathawa. Ine ndinalowamo ndili wamng'ono chifukwa chodwala, tikuchokera kuchipatala. Atate anagula tiyi mmodzi, nathira wina m'sosala kuti azizire, n'kundinyemera banzi. Palibe anandifunsa kanthu.

Mu 1960 boma la atsamunda linakhazikitsa lamulo loletsa kusankhana mitundu m'malo odyera ndi m'makanema. Chitseko chinatseguka, koma m'thumba mwa anthu a ku Kapata munalibe choloweramo.

Ufulu utabwera mu 1964, ndi kwacha ndi ngwee mu 1968, amene anasintha zinthu anali amayi a mumsika. Anayamba kuphika nsima pambaula pafupi ndi pokwerera mabasi, kudyetsa alimi obwera kudzagulitsa nshawa, madalaivala ndi makondakitala a mabasi a UBZ, ndi anthu odikira ulendo wautali wa pa Great East Road. Apa mwana anayamba kuonekera, koma ali pamiyendo pa amake, akudya m'mbale yawo. Mayi ankatema mbamu, kuiviika mumsuzi, n'kumuika m'kamwa. Mbale yake yake analibe. Chakumwa cha m'botolo chinali cha pa Khirisimasi ndi pa 24 October, tsiku la ufulu, ndipo botolo limodzi tinkalandizana atatu, aliyense akuyang'anitsitsa pakhosi pa mnzake.

Achinyamata amadabwa ndikawauza kuti ndinakula osadya machipisi, chikhalirecho mbatatesi inkalimidwa. Chimene chinkasowa ndi saladi, mafuta ophikira. Mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975, zinthu zinayamba kusowa m'masitolo a boma monga ZCBC ndi Mwaiseni, ndipo tinkafola mzere kuyambira m'bandakucha pofuna shuga, sopo ndi saladi. Mayi amene wapeza botolo limodzi sakanalikhuthulira m'chiwaya kuti akazingemo mbatatesi. Coca-Cola naye anasowa, ana athu anakulira Tip Top ndi Tarino. Ife a kuno tinali ndi mwayi pang'ono chifukwa cha malire a Mwami, poti shuga ndi Sobo zinkadutsa kuchokera ku Mchinji, zina pamsewu, zina m'tinjira. Pofika 1989 ufa unali wa makuponi, ndipo mu June 1990 anthu ku Lusaka anachita zipolowe chifukwa cha mtengo wake. M'zaka zimenezo mwana wogulidwa chitumbuwa chimodzi kapena chikondamoyo pamsika ankayenda monyada mpaka kunyumba.

Zonse zinatembenuka a Frederick Chiluba atalowa m'boma mu 1991 n'kutsegula malonda. Shoprite inafika ku Lusaka mu 1995, kenaka kuno. Saladi anadzaza, mpaka kumagulitsidwa m'timapulasitiki pa kantemba kalikonse. Nkhuku zoyera, zokula m'masabata asanu ndi limodzi, zinayamba kuwetedwa kuseri kwa nyumba za m'komboni, ndipo nkhuku inaleka kudikira mlendo. Matekawe anabuka m'tauni, Hungry Lion inabwera ndi zithunzi zazikulu pamwamba pa kauntala. Zithunzizo n'zimene zinapatsa mwana mawu, chifukwa ngakhale wosadziwa kuwerenga amaloza ndi chala. Eni malonda anazindikira msanga kuti mwana akalira, chikwama cha amake chimatseguka. Lero tsiku lobadwa la mwana silinakondwereredwe ngati sanajambulidwe atagwira ntchafu ya nkhuku, chithunzi n'kuikidwa pa Facebook.

Sindidana nazo. Ndinaona njala ya zinthu, ndipo sindingasilire masiku a mizere. Koma pitani m'malesitilanti a mumsika wa Kapata masana, muone mmene mabanja amaitanitsira. Bambo ati, "T-bone ndi nsima ziwiri." Mayi ati, "Nkhuku ya kumudzi." Akafika pa mwana, mumva: "Uyu mungomuikira kansima ndi supu." Mwambo wa mapazi ndi khosi uja sunafe, wangosamukira mu lesitilanti. Supu imeneyo ndi madzi, mchere, tomato ndi saladi basi. Banja lomwelo mwezi ukatha limapita naye mwanayo kukadya machipisi ndi chakumwa cha shuga, n'kumati lamusangalatsa. Masiku onse awiriwo mwana wakhuta, koma chomanga thupi sanadye. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa mu 2018 anapeza kuti ana 35 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu mu Zambia ndi opinimbira, ndipo si onse amene amagona ndi njala.

Chondipweteka n'chakuti chakudya choyenera mwana chili pomwepo, m'mapoto a kumapeto, ndipo ndicho chotsika mtengo. Nyemba zofewa. Kapenta. Dzira. Chibwabwa kapena lumanda wotendera, m'dziko lino la nshawa za Chalimbana zimene zinatchukitsa chigawo chathu mpaka kunja. Delele, amene mwana wamng'ono amameza mosavuta. Amayi ophika amaika ndiwo zamasamba pambali pa nyama ngati zokongoletsa mbale, akuluakulu n'kuzisiya, zikatayidwa. Ine ndikapita ndi adzukulu anga ndimanena ndisanakhale pansi: "Amayi, nsima ya hafu, dzira ndi nyemba, chibwabwa muonjezeko." Nsomba ya minga ndimaitanitsa ndekha, n'kumawasankhira mnofu. Akati, "Ambuya, tifuna machipisi," ndimagula mbale imodzi yogawana, atatha nsima.

Pa zakumwa ndiye ndimaumirira kwambiri. Thobwa ndi munkoyo ndi zabwino kuposa zakumwa za shuga, koma za m'mabotolo otoleza, osadziwika kumene anatsukidwira, sindipatsa mwana. Kolera ya mu 2017 ndi 2018 inachititsa boma kuletsa malonda a m'misewu ku Lusaka, ndipo ya mu 2024 inachedwetsa kutsegulira masukulu mpaka mu February. Chabwino chimene matendawa anatisiyira ndi ndowa yokhala ndi mpopi pakhomo pa lesitilanti, kapena mtsikana wothira madzi ndi jagi, m'malo mwa beseni la onse lija. Ndisanaitanitse ndimayang'ana ngati pali sopo, ngati mapoto ndi ovundikira, ndi ngati nsima ikuchokera pamoto. Pamene nsima yaomoledwa kale n'kukulungidwa m'mapulasitiki kuyambira m'mawa, ndimawagwira dzanja adzukulu, tipite khomo lotsatira.