PPR: mmene akatswiri amalondolera mliri wa mbuzi ndi nkhosa

Matenda a peste des petits ruminants, omwe amadziwika mwachidule kuti PPR, ndi mliri wa mbuzi ndi nkhosa womwe umayamba ndi kachilombo ka m'gulu limodzi ndi koyambitsa chikuku, koma sagwira anthu. Anadziwika koyamba mu 1942 m'dziko la Côte d'Ivoire ndipo afalikira m'maiko oposa 70, makamaka mu Africa ndi Asia. Mu 2024 anabuka ku Greece ndi ku Romania.

Chiweto chodwala chimatentha thupi, chimatuluka mamina ndi manthongo, chimachita zilonda m'kamwa, kenako chimatsekula m'mimba ndi kubanika ndi chibayo. Zizindikirozi zimayamba kuoneka pakatha masiku 4 mpaka 6 chitengereni kachilomboko. M'dera lomwe matendawa angofika kumene, ziweto 9 mwa 10 zodwala zikhoza kufa.

Mu 2015, pa msonkhano wa mumzinda wa Abidjan, mabungwe a FAO ndi WOAH, lomwe panthawiyo linkatchedwa OIE, anakhazikitsa ndondomeko yothetseratu PPR pofika chaka cha 2030. Katemera alipo, ndipo chiweto chikabayidwa kamodzi chimatetezedwa kwa zaka zosachepera zitatu. Chovuta ndi kudziwa komwe kachilomboko kabisala.

Kalondolondo wa matendawa amayamba ndi mlimi. Iye akaona mbuzi zingapo zikudwala nthawi imodzi, amadziwitsa mlangizi wa ziweto, yemwe amatenga mamina, manthongo kapena ziwalo za chiweto chakufa n'kutumiza kulabotale. Kumeneko amayeza ndi njira ya PCR, yomwe imapeza kachilombo kenikeniko. Njirayi ili ndi pofooka pake. Zizindikiro za PPR zimafanana ndi za matenda ena a m'mapapo ndi a m'mimba, ndipo mlimi woopa kutaya chuma amathamangira kupha kapena kugulitsa mbuzi yodwalayo. Kusowa kwa malipoti, tsono, si umboni woti dera lilibe matendawa.

N'chifukwa chake akatswiri sangodikira uthenga. Amayendera midzi, misika ya ziweto ndi malo ophera nyama, kufunsa alimi za imfa za m'makola mwawo, ndi kutenga magazi a ziweto zosankhidwa mwachisawawa. Magaziwo amayezedwa ndi njira ya ELISA, yomwe imaonetsa ngati thupi la chiweto linakumanapo ndi kachilomboko. Apanso pali msampha: katemera wofala masiku ano amasiya chizindikiro chofanana ndi cha matenda enieniwo, ndipo ana a mbuzi amatengera chitetezo kwa make kwa miyezi itatu kapena inayi. Choncho umboni wodalirika umachokera kwa ziweto zazing'ono zomwe zadutsa msinkhu umenewu koma sizinabayidwepo. Ng'ombe zimathandizanso, pakuti zimatenga kachilomboko osadwala, ndipo magazi ake amaulula kuti kanadutsa m'deralo.

Kuno ku Malawi nkhaniyi si yakutali. Dziko la Tanzania linatsimikiza za PPR mu 2008, ndipo pambuyo pake matendawa anafika m'chigawo cha Mtwara, kummwera kwa dzikolo. Maboma a Karonga ndi Chitipa achita malire ndi Tanzania, ndipo mbuzi yolowa kudzera njira zachidule siyezedwa ndi aliyense. Mlimi wogula chiweto chachilendo amalangizidwa kuchisunga pachokha kwa masiku 21 asanachiphatikize ndi zinzake.