Lotus

Lotus ndi duwa la m'madzi lomwe limamera kwambiri ku India ndi m'maiko ena a ku Asia. Mizu yake imakhala m'matope, koma duwalo limatulukira pamwamba pa madzi lopanda thope ndi pang'ono pomwe, ndipo dontho likagwera pa tsamba lake limangogubuduka osalinyowetsa. N'chifukwa chake Ahindu ndi Abuda amaliona ngati chizindikiro cha mtima wosadetsedwa ndi zam'dziko. Buku lopatulika la Ahindu la Bhagavad Gita limayerekezera tsambali ndi munthu wogwira ntchito yake mosakakamira phindu. Ahindu amati mulungu wawo Brahma anabadwira m'duwa lotuluka pamchombo wa mulungu Vishnu, ndipo mulungu wawo wamkazi Lakshmi komanso Buddha amajambulidwa kawirikawiri atakhala paduwali. Kachisi wa Abahai ku Delhi, wotsegulidwa mu 1986, anamangidwa motengera maonekedwe a duwali.